Ndinakakamiza Amuna Anga Kuika Nyali Zowala pa Vaneti

Inu owerenga, pali nkhani imene ndaisunga mumtima zaka zambiri, imene ngakhale ana anga saidziwa yonse. Amuna anga analumala pa ngozi ya galimoto, ndipo pambuyo pake anakamwalirira kwawo, kutali ndi ine. Anthu amangoti inali ngozi ya pamsewu. Inalidi ngozi, koma gwero lake ndinali ine. Tsopano ndakalamba, ndipo ndaona kuti kuli bwino ndiinene, mwina wina angapulumukirepo.

Kwathu ndi kufupi ndi Sinda. Ndinakwatiwa ndi a Zakeyo m'zaka za Chitaganya, dziko lino lisanalandire ufulu. Iwo kwawo kunali ku Vubwi, chakumalire. Asanandikwatire anagwira ntchito yoyendetsa galimoto ku migodi, ndipo pobwerako anabwera ndi vaneti yakale imene anagula kwa bwana wawo. Vaneti ndi kagalimoto kaja kokhala ndi malo a anthu awiri kapena atatu kutsogolo, kumbuyo kwake kuli kotseguka konyamulira katundu. Masiku amenewo munthu wakuda wokhala ndi galimoto yakeyake anali wosowa, moti atabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu, amayi anga ankayenda modzimva. Mulungu anatipatsa ana awiri, Esinati ndi Filipo.

A Zakeyo anali munthu wofatsa, wosapupuluma. Ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo ankakonda kundiseka ndikasakaniza Chinsenga m'Chichewa, monga timachitira ife a ku Sinda. Pa zaka zonse zimene tinakhala limodzi sanandikwezerepo dzanja.

Ntchito yawo inali yogula nsawa ndi nyemba kwa alimi a ku Vubwi n'kudzagulitsa ku masitolo a ku Katete. Ankanyamuka Lolemba m'mawa, kudzera ku Katete ndi ku Chadiza. Lachiwiri lonse ankazungulira m'midzi kusonkhanitsa matumba, madzulo n'kugona kwa atsibweni awo, ndipo Lachitatu masana ndiye ankafika kunyumba. Ndikawafunsa chifukwa chimene sankabwerera Lachiwiri lomwelo katundu atakwana, ankandiuza kuti nyali za vaneti ija n'zofooka. Sankanama. Zinkayaka mofiirira ngati koloboyi wotha mafuta, ndipo msewu wa kumeneko unali wafumbi, wamakona, wotsetsereka, ndi timilatho tamitengo topapatiza. Ine ndinkamvetsa, ndipo tinkakhala mwamtendere.

Zinthu zinasintha titapita kumaliro kwawo ku Vubwi. Kumeneko ndinakumana ndi Malita, mwana wa atsibweni awo aja, ndiye kuti msuweni wawo. Anali mkazi wokongola, woseka mokweza, ndipo ukwati wake unali utatha. Maliro ataikidwa, tili pakati pa azimayi, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Inu a ku Sinda, amuna angatu awa ndinangokubwerekani. Muzindibwezera msanga Lolemba lililonse." Azimayi onse anaseka. Inu mukudziwa kuti chisuweni ndi chotero, asuweni amatchulana mwamuna ndi mkazi popanda kanthu. Inenso ndinkadziwa. Ndinaseka nawo, koma mawu aja anandilowa ngati munga.

Kuyambira pamenepo usiku wa Lachiwiri unasanduka wautali. Ndinkagona n'kumaganiza kuti amene wawaphikira ndani, amene wawatenthetsera madzi osamba ndani. Akabwera Lachitatu ndinkayang'ana malaya awo ngati achapidwa ndi munthu wina. Sindinapezepo kanthu, koma nsanje sifuna umboni. Ndinayamba kukhulupirira kuti nkhani ya nyali inali chophimbira chabe.

Tsiku lina ndikugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu ku Sinda, panaima lole yochokera ku Lusaka. Ndinaona kuti nyali zake zinali zazikulu, ndipo ndinamufunsa dalaivala ngati nyali za galimoto yakale zingathe kuwala kuposa mmene zilili. Iye anati imeneyo ndi nkhani yaing'ono, mumangochotsa mababu akale n'kuikamo amphamvu. Anawonjezera kuti fyuzi ikamavuta, mumangoikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, basi siivutanso. Analankhula mosavuta ngati akunena za kusintha chingwe cha mbuzi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti fyuzi n'chiyani, koma mawu ake ndinawasunga.

Nditawauza amuna anga, sanakane. Anati nawonso akhala akuganizira zimenezo, koma tipite kaye kwa a Geresomu, makaniko wa ku Katete amene ankawakonzera vaneti. Ndinapita nawo dala kuti ndikadzimvere ndekha. A Geresomu anatsegula kutsogolo kwa galimoto, anasuzumiranso pansi pa chiwongolero, natulutsa mawaya ena kuti tiwaone. Anali opyapyala, okulungidwa ndi nsalu imene inali itayamba kunyenyeka.

"Mababu ndili nawo, a Zakeyo," anatero. "Koma mawaya a motoka iyi ndi okalamba. Babu lamphamvu limakoka moto wambiri, ndipo tiwaya iti sitingapirire, titentha. Pafunika mawaya onenepa kuchokera ku batire, swichi yatsopano, ndi kabokosi kena kothandiza kuti moto wonse usamadutse pa swichi. Zimenezo ndilibe, ndiitanitse ku Foti Jemusoni. Mundipatse masabata awiri kapena atatu."

Foti Jemusoni ndi kumene lero mukuti ku Chipata. Amuna anga anavomera kudikira. Ine ndinati mababuwo tigule lero lomwe kuti ena asatitsogolere, ndipo ndinamasula kansalu kanga momwe munali ndalama za nkhuku zimene ndinagulitsa. A Geresomu pondipatsa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, awa mukawasunge m'bokosi. Asaikidwe mawaya asanabwere." Anandisonyezanso fyuzi, kagalasi kakang'ono kokhala ndi kawaya mkati, nandiuza kuti ameneyo ndiye mlonda. Moto ukachuluka amapsa iyeyo kuti galimoto isapse.

Ndinamva zonsezo ndi makutu anga. Sindinganene kuti sindinachenjezedwe.

Masabata awiri anatha, mawaya sanabwere. Sabata lachitatu linatha, a Geresomu anati amene anawatuma sanawapeze, tidikirebe. Ine mtima unatentha. Ndinayamba kuganiza kuti a Geresomu ndi amuna anga apangana. Ndinasiya kulankhula bwino m'nyumba, moni ndinkayankha mwachidule, ndipo usiku ndinkatembenukira kukhoma. Munthu wofatsa, inu owerenga, kumutopetsa n'kosavuta, chifukwa sakubwezera, amangomva ululu.

Loweruka lina madzulo ndinatulutsa mababu aja m'bokosi n'kuwaika pamphasa pamene iwo anakhala. Ndinati ngati ku Vubwi kulibe chimene chikuwagoneka, awaike lero. Ananyamuka n'kukatenga zitsulo zawo. Anamasula magalasi a nyali, anachotsa mababu akale, naika atsopano. Atayatsa, nyali zinawala kwa kamphindi, kenako phethi, zinazima. Fyuzi inali itapsa. Anaika ina imene ankasunga, nayonso inapsa.

"Mwaona, mayi a Esinati?" anatero. "Galimoto yakana yokha. Tiyeni tidikire."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimalira nacho mpaka lero. Ndinathamangira kwa bambo wina woyandikana nafe amene ankasuta ndudu za kusitolo, ndinapempha kapepala konyezimira kaja, n'kubwera nako. Ndinawauza kuti madalaivala enieni a malole amachita chotere, ndipo iwo akungofuna chifukwa. Mawu akuti madalaivala enieni anawapweteka, ndinaona pankhope pawo. Analandira kapepalako, anakulunga fyuzi yakupsa ija, naibwezera pamalo pake.

Nyali zinayaka, ndipo sizinazime. Kuwala kwake kunafika mpaka ku mitengo ya mango ya kutsidya kwa bwalo, moti anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaona. Ine ndinasangalala ngati ndapambana mlandu. Iwo analowetsa dzanja pansi pa chiwongolero, anagwira mawaya, nanena motsitsa mawu kuti akufunda. Ndinayankha kuti chilichonse chogwira ntchito chimafunda.

Lolemba m'mawa, akukwera galimoto, ndinawauza kuti akagonanso kumeneko ndidzadziwa kuti nkhani ya nyali inali bodza. Anandiyang'ana ndi maso achisoni, osati aukali.

"Ndibwera Lachiwiri," anatero. "Koma mukanadziwa mmene ndimafunira kufika kuno, simukanalankhula chotero."

Lachiwiri ndinapha nkhuku, ndinasesa m'nyumba, ndinavala chitenje changa chatsopano. Ndinafuna kuti akafika ndiwapepese ndi zochita, poti pakamwa panga panali pouma. Ana atagona ndinakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Tambala woyamba analira ndili pomwepo. Ndipo ndikuuzeni zoona, m'malo mochita mantha ndinakwiya. Ndinati ndagwira wakuba, agona kwa Malita. Pamene ine ndinkawatukwana mumtima, iwo anali chigonere m'mphepete mwa mtsinje, miyendo itapanikizika.

Uthenga unafika Lachitatu madzulo ndi munthu wa panjinga. Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake kwa a Sandikonda, mlimi wa ku Katete amene anakwera nawo tsiku limenelo. Anati atsibweni anawaletsa kunyamuka dzuwa litapendeka, koma iwo anati analonjeza kunyumba. Anayenda bwino ndithu, nyali zikuwala mpaka a Sandikonda kuziyamikira. Atadutsa Chadiza anayamba kumva fungo la chinthu chopsa. Amuna anga anati aima akatsika chitunda chimene anali atayamba kale kutsetsereka. Asanafike pansi, utsi unatuluka pansi pa chiwongolero, ndipo nyali zonse zinazima nthawi imodzi. Maso amene anazolowera kuwala kwambiri sanaone kanthu kalikonse. Kutsogolo kunali kamlatho. Vaneti inaphonya mlathowo n'kugubudukira kumtsinje, matumba onse n'kukhuthukira kutsogolo. A Sandikonda anaponyedwa kunja ndipo anangothyoka dzanja. Iwo ndiwo anathira mchenga pamoto ndi dzanja limodzi, n'kupita kukadzutsa anthu a m'mudzi wapafupi. Kutacha anthuwo anawanyamula amuna anga pangolo.

Ndinawapeza kuchipatala cha mishoni kufupi ndi Katete. Msana unali utathyoka. Adokotala anandiuza kuti moyo upulumuka, koma miyendo sidzagwiranso ntchito. Nditalowa m'chipinda ndinalephera kuwayang'ana. Iwo ndiwo anayamba kulankhula, kufunsa ngati Filipo chifuwa chinasiya.

Patapita masiku, a Geresomu anabwera kudzawaona. Anali atapita kukaona vaneti kumtsinje kuja, ndipo anapeza fyuzi ija ili chikulungire. Pamenepo panali atsibweni a amuna anga ndi abale ena. A Geresomu anafunsa mwachisoni kuti nzeru ya kapepala ija inachokera kwa yani. Amuna anga sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndine ndinakulunga," anatero. "Ndinapupuluma."

Ndinali pomwepo, inu owerenga, ndipo ndinakhala chete. Ndinaopa abale awo. Munthu wogona wosatha kutembenuka yekha anasenza mlandu wanga, ine wamiyendo iwiri n'kumangoyang'ana pansi. A Geresomu anatiuzanso kuti mawaya aja anafika Lachinayi la sabata lomwelo.

Anakhala m'chipatala miyezi inayi. Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu. Atatsala pang'ono kutuluka, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi. Atsibweni awo anati mwana wawo sangakhale chikamwini pamudzi wa eni ali wosayenda, amutenga akamusamale okha. Ngakhale za kapepala sankazidziwa, ankadziwa kuti chimene chinamuyendetsa usiku ndi mawu a mkazi. Ndinapempha kuti anditenge chitengwa, ndikakhale nawo ku Vubwi. Iwo anakana. Akwathu nawonso anakana, amvekere ana ndi a mbumba yathu, amayi ako akudwala, ndipo iwe uli ndi pakati, ukasamala bwanji munthu wofunika kunyamulidwa? Ukwati sanauthetse, anangoti tidikire zinthu zikhazikike. Zinthu zake sizinakhazikike mpaka kalekale.

Anawanyamula pa lole ya sitolo ina, atawagoneka pamatiresi. Esinati anathamangira loleyo mpaka kumsewu. Nyumba imene anamanga ndi manja awo inatsala ndi ine, jekete lawo lili pamsomali, buku lawo la nyimbo lili pawindo. Lamulungu kutchalitchi kwaya ikaimba, khutu langa linkafunafuna besi ija, ndipo ndinkatuluka mapemphero asanathe.

Ulendo wa ku Vubwi wopanda galimoto yako unali wa masiku awiri, kukwera malole ndi kuyenda pansi. Ndinakwanitsa kupitako kawiri kokha. Ulendo woyamba ndinapita ndi khanda, mwana wamwamuna amene iwo anamutcha Yosefe. Ndinawapeza atakhazikidwa pampando pansi pa mtengo, akusoka mphasa, ataonda kwambiri. Ndipo amene ankawasamala, kuwatembenuza, kuwachapira ndi kuwaphikira, mothandizana ndi alongo awo, anali Malita. Mkazi amene ndinkamuopa kuti andilanda mwamuna, ndinamupatsa ndekha mwamunayo, ali wolumala.

Malita anandilandira ngati m'bale wake. Anandilandira mwana kumsana, ananditenthetsera madzi, nandiyalira m'nyumba mwake. Tikutsuka mbale anandiuza, osadziwa kuti akundibaya, kuti masiku onse aja a Zakeyo akabwera ankagona pakhonde la atsibweni pafupi ndi galimoto kuopa akuba, ndipo nkhani zawo zinali za ine ndi ana basi, mpaka anthu ankawaseka kuti anadyetsedwa mankhwala ku Sinda. Anati tsopano Lachitatu lililonse amapempha kuti mpando wawo auyang'anitse kunjira.

Madzulo ake nditatsala nawo awiri, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwauza kuti ndikufuna kuulula kwa abale awo kuti kapepala kaja ndinabweretsa ndine. Anandigwira dzanja.

"Mukaulula, miyendo ibwerera?" anandifunsa. "Mungowapatsa chifukwa chokuletserani kubwera kuno. Ine ndinali dalaivala, ndinkadziwa kuposa inu. Ndinafuna kuti mundikhulupirire, basi. Kodi tsopano mukundikhulupirira?"

Ndinangolira pamaondo pawo pamene sankamva kanthu. Iwo anaseka pang'ono nati ndilire m'Chichewa, Chinsenga sakuchimva.

Ulendo wachiwiri ndinapita ndi ana onse atatu, chaka chotsatira titakolola. Tinakhala sabata imodzi. Anaphunzitsa Esinati nyimbo ziwiri, ndipo Filipo anamusemera kagalimoto ka mtengo. Tinapangana kuti chaka chinacho ndidzayesanso kupempha ankhoswe kuti ndisamukire komweko, poti amayi anga anali atapezako bwino. Koma dzinja lotsatira zilonda za pamsana zinakula, thupi linatentha, ndipo anamwalira. Mvula inali itakokolola milatho, moti kalata inandipeza atayikidwa kale masabata awiri. Sindinawatseke maso, sindinaponye dothi m'manda mwawo. Amene anachita zimenezo ndi Malita.

Sindinakwatiwenso. Anthu anabwera ndithu, koma ndinalibe malo owaika.

Tsono inu amene muli ndi galimoto, ndimaona masiku ano anyamata akuika nyali zowala ngati dzuwa pa magalimoto akale. Sindikuti n'kulakwa kufuna kuona bwino usiku. Koma musasinthe mababu okha n'kusiya mawaya akale. Pitani kwa makaniko wodziwa, ndipo akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Fyuzi ikapsa ikukuuzani kuti penapake pali vuto, musaitseke pakamwa ndi kapepala kapena kawaya. Ndipo nzeru za munthu wodutsa pamsewu, amene mawa sadzakhalapo, musaziike pamwamba pa mawu a munthu amene watsegula galimoto yanu n'kuona mkati mwake.

Kwa inu akazi anzanga, ndi amuna omwe, ndikuti nsanje ikakugwirani, funsani mnzanuyo poyera, mumve yankho lake. Musamuikire mayeso oti aonetse chikondi poika moyo wake pangozi. Munthu wokukondani adzayesetsa kukhoza mayesowo, ndipo mwina ndi pomwe mudzamutaye. Mnzanu akakuuzani kuti njira ndi yoipa, agona komweko, muuzeni kuti agone bwino, mudzaonana kukacha. Ine ndinakana kugona ndekha usiku umodzi pa sabata, ndipo ndagona ndekha moyo wanga wonse. Ngatinso mwalakwa, vomerani nthawi yomweyo anthu ali pomwepo. Ine ndinakhala chete tsiku limodzi m'chipatala muja, ndipo onse amene ndinayenera kuwauza anapita ndisanawauze.

Yosefe tsopano ndi bambo wa imvi, ali ndi zidzukulu zake. Iye atate ake sanawaonepo ataimirira, ndipo chithunzi chawo tilibe. Ali mwana anandifunsa tsiku lina kuti kodi atate anali aatali bwanji. Ndinamutengera pakhomo la nyumba yathu yakale, n'kumusonyeza mphuthu ya pamwamba pa chitseko, pamene ankawerama polowa kuti asagunde mutu. Mwanayo anaimirira pamenepo nthawi yaitali, khosi lili m'mwamba, kenako anandifunsa kuti adzabwera liti kuti adzamunyamule agwirepo. Funso limenelo sindinaliyankhe mpaka lero.